Tinatumiza starter-generator ya Caravan ku overhaul: ntchito ya manja ndi yabwino, koma ofesi yawo ndi ina nkhani

Ndakhala ndikufuna kulemba izi kuyambira tsiku lomwe bokosi linabwerako koma ntchito inandipanikiza, nde lero ndapeza kampata. Ine ndimakonza ndege, makamaka zing'onozing'onozi, ma Caravan ndi ma Cessna a piston, ndipo anzanga amene muli pa ntchito imeneyi mukudziwa kale kuti pali zinthu zina zomwe ife pa hangala sititsegula olo munthu atakhala ndi luso lotani. Starter-generator, GCU (kabokosi kowongolera moto wa jenereta), actuator, zimenezi umangochotsa pa ndege, kuzikulunga bwinobwino nkutumiza ku shopu yomwe ili ndi chilolezo cha Part 145, chija chokonzera zipangizo za ndege, ndipo chinthucho chili pa capability list yawo, mndandanda wa zinthu zomwe analoledwa kukonza. Ndemanga yangayi ndi ya shopu ina yotere yomwe tinaiyesa koyamba. Dzina sinditchula, chifukwa pali zingapo zomwe ndidandaule mmusimu ndipo sindikufuna kuipitsa anthu omwe mbali yaikulu ya ntchito anaigwira mwaulemu.

Tinatumiza zinthu zinayi pakamodzi. Starter-generator ya Grand Caravan, ija ya injini ya PT6A-114A, GCU ya ndege yomweyo, ndi magineto (zipangizo zopereka moto ku ma spark plug) awiri a Slick ochokera pa Cessna 172 omwe anali atakwana ma awazi 500.

Kwa amene simunagwirepo chinthu chimenechi, starter-generator ndi makina amodzi ogwira ntchito ziwiri. Polizitsa injini imakhala ngati sitata, imakoka moto wambiri kuchokera mu batire nkuzunguza compressor kudzera mu accessory gearbox, Ng (liwiro la compressor) ikafika 12% pailoti amalowetsa mafuta, ikafika 52% amazimitsa sitata, basi makina omwewo asanduka jenereta, akupereka moto wa 28 volts, yathuyi ndi ya 200 amps. Nde ganizani, tsiku lonse chinthuchi chimazungulira mothamanga koopsa, mabulashi a kaboni akukhuzana ndi commutator (mphete yozungulira ya timabala ta kopa) osapuma, kenaka pa start iliyonse chimalandira ma amps mazanamazana nthawi imodzi. Sichingakhalitse ayi. Nchifukwa chake ambiri timachichotsa pa ma awazi 1,000 olo chikuoneka kuti chili bwino.

Yathuyi inali isanafike pa 1,000 koma inayandikira, ndipo inayamba kudandaulitsa. Captain wina anabwera nkundiuza kuti bwana, ndegeyi ikudzuka mwaulesi, Ng ikukwera pang'onopang'ono ndipo ITT (kutentha kwa mkati mwa injini) ikupita patali kuposa mmene ndinaizolowerera. Sinafike pa malire a 1090°C ayi, koma munthu amene amaiyendetsa tsiku ndi tsiku amamva. Patapita masiku awiri wina analemba mu tech log kuti nyale ya GENERATOR OFF inayaka mmwamba, anapanga reset nkubwerera. Tinayamba ndi zophweka, batire tinaiyesa capacity inapasa, mawaya akuluakulu aja tinawaona, ground strap tinaimasula nkuipukuta. Nditachotsa chivindikiro cha mabulashi ndipomwe ndinaona fumbi lakuda lili mbwee, mabulashi ena atha kwambiri kuposa anzake. Ndinangoti basi iyi ipite, ndipo GCU ipite nayo chifukwa nyale ija inandisokoneza mutu.

Tsopano ku shopu. Katundu atafika anatumiza imelo tsiku lomwelo, ndi zithunzi za bokosi lisanatsegulidwe komanso ma data plate onse, apa ndinati eya tayamba bwino. Anati teardown report, lipoti la zomwe apeza ataphwasula, tiyembekezere mkati mwa sabata, ndipo inabweradi pa tsiku lachisanu. Ndipo abale, lipoti limeneli ndi lomwe landichititsa kulemba zonsezi, chifukwa ine ndaonapo malipoti ambiri a mizere iwiri, akuti disassembled, cleaned, worn parts replaced, tested OK, basi, iwe usadziwe nkomwe kuti chinavuta ndi chani. Awa ayi. Anajambula chilichonse, chigawo chilichonse anachiyeza nkulemba muyezo womwe anapeza pambali pa malire a mu CMM (buku la wopanga lokonzera chinthucho), ndi revision ya bukulo yomwe anagwiritsa ntchito. Mabulashi awiri anadutsa mzere wa wear limit, sipuling'i imodzi yokanikiza bulashi inafooka nde ndi chifukwa chake ankatha mosiyana. Commutator inakumbika timizere, ndipo mica, insulation ya pakati pa timabala ta kopa tija, inayamba kutumphuka, zomwe zimapangitsa bulashi kumadumphadumpha nkumathetheka moto. Bering'i ya mbali ya drive inali yokhakhala ukaizunguza ndi chala. Ma spline, timano ta pa drive shaft, anadyeka. Insulation atayeza koyamba inali yotsika, koma atatsuka fumbi la kaboni lija nkuumitsa armature (chigawo chozungulira cha mkati) mu uvuni inakwera, pa ma test a growler ndi hi-pot inapasa, nde anati armature sitisintha, tingoipala commutator pa lathe, kukumba mica pang'ono, kupanga balance.

Pamenepa ndiimepo kaye. Armature ndi chimodzi mwa zigawo zodula kwambiri mu makina amenewa, ndipo shopu yadyera imangolemba kuti yafa, iwe uli kutali sungatsutse. Ena amafika pongokuuza kuti unit yonse ndi BER, ndiye kuti kukonza kulibe phindu, gulani exchange (unit ina yokonzedwa kale yosinthanitsa ndi yanuyo) kwa ife. Awa anali ndi mpata wonse wotidyera ndipo sanatero. Anaonetsa diameter ya commutator, kuti akaipala itsala pamwamba pa minimum, koma anachenjeza kuti overhaul yotsatira mwina siidzapalikanso. Munthu wokuuza zimenezi ndi woti umusunge.

Kenaka tsiku lotsatira foni inalira, anali bambo wina wachikulire amene anaigwira yekha pa benchi, osati a ku ofesi. Anandifunsa mafunso omwe palibe shopu inandifunsapo. Ndege yanuyi imauluka maulendo aatali bwanji? Ndinati aafupi, nthawi zina mphindi 20 yatera, pa tsiku imatha kulizidwa kasanu ndi katatu. Anati eya ndimaona, ma awazi ndi ochepa koma ma start ndi ambiri, mabulashi sawerenga logbook. Anafunsanso ngati mapailoti athu amatsata malire a sitata, aja a masekondi 30 ikugwira, 60 ipume, 30, 60, 30 kenaka ipume mphindi 30 ngati ukugwiritsa batire, chifukwa pa field windings anaona varnish itadera pang'ono ngati inatenthapo. Apa ndinangoseka chifukwa ndikuwadziwa anyamata athu akakhala kuti achedwa kkkk. Kenaka ananena mawu omwe anandikhazika pansi. Anati popeza insulation inali yotsika ndipo ma spline adyeka, musanaike unit ina pitani mukaone chip detector (kamaginito kogwira tizitsulo mu oilo) ndi oil filter ya injini, ndipo ma spline a mu gearbox muwaone ndi galasi ngati pali timaenje tonga tooneka kuti moto unathetheka. Nkhani yake ndi ija amati electrical discharge damage, moto wothawa mu starter-generator umadutsa mu shafiti, kulowa mu magiya mpaka kukatentha bering'i nambala 1 ya PT6, ndipo bering'i imeneyo siifa pompo, imafa patapita ma awazi ambiri unit yolakwa ija utaichotsa kalekale. A ATSB, ofufuza ngozi a ku Australia, anafufuzapo nkhani imeneyi pa ma PT6 omwe anazima mmwamba. Ine ndinkaidziwa kuchokera mmabuku, koma kunena zoona tsiku limenelo sinali mmutu mwanga. Tinakaona, zonse zinali zoyera, koma tulo ndinagona tabwino chifukwa cha foni imeneyo.

Anatifunsanso kaye asanaike ma parts, kuti mukufuna a kampani yomwe inapanga unit kapena a PMA, opangidwa ndi makampani ena. Izi zikuoneka zazing'ono koma sizazing'ono. Ma parts a PMA ndi ovomerezeka ndi FAA, bungwe loona za ndege ku America, ine ndilibe nawo vuto pa zinthu zambiri, koma pali eni ndege ena, makamaka ndege za lease, omwe mu mgwirizano analemba kuti PMA ayi, nde shopu ikangoika osafunsa mkangano umadzabuka tsiku lobweza ndege. Ife mabulashi ndi mabering'i tinasankha a kampani yeniyeni.

GCU ndi yomwe inandipsetsa mtima, ngakhale pano ndikuchita manyazi. Inabwera ndi mawu atatu aja omwe mekaniki aliyense amadana nawo, no fault found. Ndinalemba imelo yaukali ndithu, kuti nyale inayaka mmwamba, pailoti sanalote, inu mukuti palibe vuto bwanji. Anayankha modekha, anatumiza pepala la test, voltage regulation ili mmalire, overvoltage trip ikugwira pomwe iyenera kugwirira, reverse current chimodzimodzi, anaisiya ikugwira ntchito ma awazi angapo itatentha, anaigogodagogoda, osasintha. Anati mwina ndi mabulashi odumpha aja, kapena muone connector ya pa ndege. Ndinapita ndikung'ung'udza, kumasula connector, pini imodzi inali itabwerera mmbuyo ndipo ili ndi dzimbiri lobiriwira. Nde ndinalipira bench test ya chinthu chabwinobwino chifukwa cha ulesi wanga womwe. Ubwino wake sanaipange overhaul mokakamiza kuti apezepo kanthu, pa fomu analemba inspected/tested basi monga mmene zinalili.

Magineto sindichedwapo. Imodzi inangofuna ma points, condenser ndi kabulashi ka kaboni ka pa distributor gear, anaikonza nkuika E-gap (timing ya mkati mwake) bwinobwino. Inayo distributor block inali ndi mzere wa carbon tracking ndipo impulse coupling inadyeka, anati ma parts ake mukawaphatikiza bola kutenga exchange, tinavomera. Titaika pa 172 mag drop (kutsika kwa RPM ukayesa magineto imodziimodzi) inali yabwino mbali zonse, kusiyana kwake sikunafike 50 RPM. Chokhacho, kalongedzedwe ka magineto kanali kosasamala, anangowakulunga ndi pulasitiki ya timabaluni ija nkuwaponya mu katoni imodzi akugundana. Pomwe starter-generator inabwera ngati dzira, mu bokosi la thovu lolimba, kapu pa spline, timatumba toyamwa chinyezi, ma terminal ataphimbidwa. Ngati kuti analongedza ndi anthu awiri osiyana ndipo wina anali ndi changu chopita kwawo.

Tsopano madandaulo enieni. Pa quotation analemba masiku 10 ogwira ntchito kuchokera pomwe tavomereza. Tinavomereza tsiku lomwelo. Masiku 10 anakwana, zii. Ndinalemba imelo, zii. Ndinalembanso patapita masiku atatu, anayankha munthu wina watsopano kuti tikufufuza. Kuimba foni, amene analandira sakudziwa nkomwe work order yathu, akuti amene amaona za account yanu ali pa tchuthi. Sabata yachitatu ndipomwe ndinamva kuti drive shaft inalibe mu sitolo yawo, anaitanitsa ndipo akuidikira. Abale, ine kuchedwa kwa ma parts ndikukumvetsa, masiku ano aliyense akulira nazo, koma bwanji osanena pa tsiku loyamba? Lipoti lawo lomwe linanena kuti shafiti isinthidwe, ndiye kuti ankadziwa kuti alibe. Akanandiuza ndikanapempha exchange unit pompo kapena kubwereka kwina. Mmalo mwake tinachita kuchotsa starter-generator pa Caravan ina yomwe inali pa inspection yaikulu kuti iyi iziuluka, ndipo amene munapangapo robbery yotereyi, kuchotsa chipangizo pa ndege ina, mukudziwa mapepala ake mmene amachulukira, kenaka ndege ija inspection yatha koma singatuluke chifukwa ilibe jenereta, abwana a operations akungondiyang'ana ngati ndine ndabisa shafitiyo mthumba. Zonse pamodzi zinatenga masabata asanu.

Ndipo sizinathere pomwepo. Bokosi lafika, aliyense wasangalala, a stores akupanga receiving inspection, nkupeza kuti serial number ya pa fomu ya 8130-3, satifiketi yobwera ndi unit, mu block 10 muja, ikusiyana ndi ya pa data plate. Manambala awiri anasinthana malo, basi. Wina angati nkhani yaing'ono, aliyense akuona kuti ndi unit yomweyo. Koma mayi athu a quality anangoti ayi, tag yofiira, ku quarantine. Ndipo anachita bwino, ine sindinatsutse ngakhale mtima unkawawa. Pa ndege chinthu ndi pepala lake ndi chinthu chimodzi, pepala likalakwika ndiye kuti mmanja mwako muli chitsulo chabe. Amene mukukumbukira nkhani ya AOG Technics ya ku London mu 2023, ma parts a injini za CFM56 omwe anagulitsidwa ndi ma satifiketi abodza mpaka makampani akuluakulu kumatsitsa ndege kuti afufuze, mukumvetsa chifukwa chomwe a quality masiku ano sakusekerera olo kadontho. Shopu inavomera kulakwa osakangana, koma fomu yokonzedwa inatenga masiku anayi chifukwa wosayina analipo mmodzi yekha sabata imeneyo. Masiku anayi unit yatsopano ili pa shelefu ikutiyang'ana.

Kupatula nambala imeneyo, fomuyo inalembedwa mmene iyenera kulembedwera. Block 11 analemba overhauled, block 12 anatchula CMM ndi revision yake, ma service bulletin omwe anaona, ndi mawu a dual release kuti ilandiridwenso ku mbali ya EASA, bungwe loona za ndege ku Ulaya. Ndikutchula izi chifukwa anyamata ambiri atsopano amasokoneza repaired ndi overhauled. Repaired ndiye kuti akonza chomwe chinavuta, ma awazi akupitilira pomwe analekera. Overhauled, malinga ndi 14 CFR 43.2, ndiye kuti chinthucho chaphwasulidwa, kutsukidwa, kuyezedwa, kukonzedwa pofunika, kumangidwanso nkuyesedwa motsata buku lovomerezeka, apo ndipomwe TSO, ma awazi owerengedwa kuchokera pa overhaul, imabwerera pa ziro. Ndinaonapo munthu ataika unit ya repaired nkulemba TSO ziro mu logbook, zinadzavumbuluka pa audit, sizinali bwino. Anaikamonso pepala la test ya pa benchi, load yonse ya 200 amps, kutentha kwake, kuthetheka kwa pa commutator, test ya ngati sitata, ndi umboni woti mabulashi anawapanga seating asanatumize. Ichi ndi chofunika, bulashi yatsopano yomwe sinakhale bwino pa commutator imagwira ndi kansonga kokha, moto wonse wa start nkudutsa pamenepo, commutator yopalidwa kumene nkupsa sabata yoyamba.

Titaimanga pa ndege kusiyana kunamveka pa start yoyamba yomwe. Ng inakwera msanga, ITT inatsika kubwerera mmene tinaizolowerera, Captain uja anangotulutsa chala chachikulu pa windo. Voltage ili phee pa 28 ndi kakuti, nyale ija sinayakenso, ngakhale apa sindingadziwe kuti tithokoze overhaul kapena pini ija. Itauluka ma awazi 100 ndinatsegula dala kuti ndione mabulashi, onse akutha mofanana, commutator yatenga mtundu wa bulauni wosalala uja womwe umafuna kuona, fumbi lochepa kwambiri. Pano yadutsa 300 ndipo ilibe chonena.

Nde ndingawatumizirenso? Eya, koma ndi maso otsegula. Ngati muli ndi unit ya spare pa shelefu ndipo mukutumiza ya nthawi yake popanda changu, anthu awa ndi abwino kwambiri, pa benchi pali anthu odziwa ndipo sanama. Ngati ndege yanu ili AOG, yaima pansi singauluke, abwana akuimba foni ola lililonse, musayerekeze, mudzadwala BP, pitani kwa ogulitsa exchange mutumize core, unit yanu yakaleyo, pambuyo. Pa nyenyezi zisanu ntchito ya manja ndikuipatsa zonse, ofesi ziwiri, ndipo yachiwiriyo ndi ya zithunzi za tsiku loyamba zija.

Sabata yatha tatumizanso flap actuator ndi fuel boost pump. Ulendo uno ndalemba pa purchase order penipeni kuti teardown report ibwere ndi mndandanda wa ma parts omwe alibe mu sitolo, komanso kuti fomu aijambule nkunditumizira bokosi lisanatsekedwe. Ndapemphanso kuti ngati nkotheka aigwire bambo achikulire aja. A ku ofesi sanayankhebe imelo imeneyo, lero ndi tsiku lachitatu.